Udzu Pamwamba pa Malata

Dzina loti Silidontha silinali lake. Linali la amuna ake, ofolera nyumba, amene akatsika pa denga la munthu ankasasa fumbi m'manja n'kunena mokweza kuti mudzi wonse umve: "Denga langa silidontha!" Anthu analitola dzinalo n'kuwapachika, ndipo popeza mkazi amalowa m'dzina la mwamuna monga momwe amalowera m'mavuto ake, nayenso anasanduka Mayi Silidontha. Dzina lachipongwe bwanji! Pa zaka makumi awiri ndi zitatu za banja, panalibe dzinja ngakhale limodzi limene mayiyu analidutsa pouma.

Musaganize kuti bambowo ntchito sankaidziwa. Ankaidziwa, ndipo n'chimene chinkamupweteka kwambiri mkaziyu. Madenga a anthu ankawasamalira ngati ana awo: udzu wosankha, wokhuthala, womangidwa ndi luzi loviika bwino. Koma la kwawo linkadikira. Linkadikira kuti athane kaye ndi la aphunzitsi, kenako la mayi wosoka zovala, kenako la munthu wina wa kutsidya amene anachita kuwapempha mogwada. Pofika pa la kwawo, mvula inkakhala itayamba kale, udzu wotsala uli zinyenyeswazi zokhazokha, ndipo bambowo ankangotseka apa ndi apo n'kunena kuti chaka chamawa. Mayi Silidontha ankaidziwa nyumba yake ngati chikhatho chake: pangodya ya kum'mawa pamadontha mvula ikangoyamba, pamwamba pa bedi pamayamba ikalimba, thumba la ufa liyenera kukhala pampando, ndipo mpandowo pafupi ndi chitseko.

Ndiye kunabwera anthu a bungwe lina lothandiza osauka. Awa sanabwere ndi matumba a chimanga ngati anzawo ena onse. Anati apereka ndalama, pa foni, katatu, aliyense achite nazo zimene mutu wake wamuuza. Polemba mayina ankayang'ana madenga: nyumba ya udzu ankailemba, ya malata ankaidumpha. Mayi wa kubungwe, wamtali, woyenda pa njinga yamoto, atalowa kwa Silidontha anakweza maso n'kuona dzuwa likusuzumira m'mabowo asanu. Anafunsa kuti bambo a panyumbapo amagwira ntchito yanji. Mayi Silidontha anayankha chilungamo. Mlendoyo anatsokomola kuti asaseke, n'kulemba dzina la mkazi, osati la mwamuna.

Ndalama zoyamba zinathera pa chakudya ndi mabulangete, ndipo apo palibe anganene kanthu, munthu wanjala sayambira kugula chitseko. Zachiwiri anagulira mbuzi ziwiri n'kubwezera mwana wawo wamkazi kusukulu yogonera konko, kumene anali atasiya. Zachitatu anali atazinenera kalekale, pamaso pa amuna ake ndi pamaso pa mbuzi zomwe, kuti n'za malata.

Panthawiyi mudzi unali utasintha nkhope. Ana ankapita kusukulu atavala nsapato, akuyenda mokweza miyendo ngati akuponda minga. Mayi wosoka uja anasiya kusoka ndi manja, anagula makina. Njinga zinachuluka mpaka nkhuku zinaphunzira kuyang'ana uku ndi uku podutsa njira. Koma chachikulu chinali malata. Nyumba ndi nyumba, anthu anagwetsa udzu n'kukhoma malata, moti dzuwa likakwera mudzi wonse unkangoti waliwali mpaka maso kuwawa. A Silidontha ntchito inawathera m'manja. Ankakhala pakhonde tsiku lonse akusongola kamtengo kamene sikankafunika kusongoledwa, ndipo aliyense wodutsa ndi lata pamutu ankamuyang'ana ngati wawatukwana.

Tsiku limene foni inalira kachitatu, Mayi Silidontha anawapeza pakhondepo.

"Zalowa," anatero.

"Zalowa chiyani?"

"Zomaliza zija. Mawa ndikupita kusitolo kukatenga malata."

"Malata a yani?"

"A nkhuku. Mukufunsa ngati nkhaniyi mwaimva lero bwanji, bambo?"

A Silidontha anaika kampeni pansi. "Mayi, taganizani bwino. Nyumba ya wofolera, pamwamba malata? Ndiye kuti ndalengeza ndekha kuti ntchito yanga inali yabodza. Munaonapo wogulitsa nyama akudya masamba pamsika anthu akuona?"

"Ndinaonapo wofolera akugona atafunda pulasitiki."

"Chaka chino ndifolera bwinobwino. Nthawi ndili nayo."

"Nthawi muli nayo chifukwa anzanu onse anagula malata. Mukufuna nditsale ndekha m'mudzi muno ndikunyowa, kuti anthu azidziwa kuti munali katswiri?"

"Malata amatentha. Mvula ikagwa simumvana. Akachita dzimbiri..."

"Atenthe. Tisamvane, mwina n'kupumako. Ine zandikwana, bambo."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake mayiyu anapita kusitolo, ndipo masana ngolo inatula malata kuseli kwa nyumba. Anawasanjika yekha pa njerwa kuti asakhudze dothi, n'kuwasisita ndi dzanja mmodzimmodzi ngati akuwafunsa za paulendo. Kalipentala anati ntchito zamuchulukira, adzabwera Lolemba la sabata inayo. Mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo alionse, koma sabata imodzi si zaka makumi awiri ndi zitatu, mayiyu anati adikira.

Sanadziwe kuti alamu ake akubwera ndi nkhani.

Alamu akewa, akulu a amuna ake, anthu ankawatcha a Ndamva, chifukwa sankatsegula pakamwa osayamba ndi mawu amenewo. Kumene ankamvako palibe ankakudziwa. Tsikulo anafika thukuta lili kamukamu, anakana mpando, n'kuima pakati pa bwalo kuti oyandikana nawo amve.

"Ndamva kuti a bungwe akubweranso. Kuli ndalama zachinayi, zazikulu kuposa zonse. Koma akudzayang'ananso madenga. Amene akamupeze ndi malata, akumufufuta. Akuti ameneyo walemera."

"Mwamva kwa ndani, alamu?" anafunsa Mayi Silidontha.

"Kwa munthu amene anakwera galimoto imodzi ndi dalaivala wawo."

"Mayi uja ananena pamaso pathu tonse kuti katatu basi. Anakweza ndi zala, zitatu. Inu munali kutsogolo."

"Mlamu, anthu a maofesi sanena zonse. Akanena zitatu, chachinayi amakhala atachisunga m'thumba. Inu mwakhalamo liti mu ofesi?"

Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma ndani amakumbukira mwambi pamene nkhani ili ya ndalama? Pofika madzulo mudzi wonse unali utagwira njakata. Anthu omwewo amene dzulo ankaima panjira kuyang'ana malata awo monyadira, lero ankawayang'ana ngati mwana amene waulula chinsinsi pamaso pa alendo. Kuwazula sakanatha, misomali inali italowa kale ndipo kalipentala anali atalipidwa. Kuwapaka matope, mvula ikanatsuka. Kenako wina, ndipo Mayi Silidontha ankalakalaka atamudziwa kuti amupotokole khutu, anati: bwanji tingowaphimba ndi udzu?

M'mawa mwake pakhomo pa Silidontha panali mzere wa anthu.

Mukanawaona bambowo! Munthu amene miyezi isanu anali ngati chovala chopachika pamsomali anadzuka, anameta ndevu, anatulutsa makwerero ake, n'kuyamba kulankhula ndi mawu a pansi pa chifuwa. "Mmodzimmodzi, abale anga, manja ndi awiri okha. Ndinanena ine kuti mudzabwerera ku udzu." Mkazi wawo anangopukusa mutu n'kupitiriza kutsuka mbale. Mumtima anali ndi kachisoni pang'ono kosakanikirana ndi mkwiyo, chifukwa anali ataiwala kuti amuna ake amatha kuyimba mluzu.

Vuto linali limodzi: udzu sukhala pa lata. Unkatsetsereka. Pa nyumba yoyamba anayala mitolo itatu, ndipo yonse inatsikira pansi asanatembenuke n'komwe. Pa denga la mitengo, wofolera amapisa luzi pansi pa phaso n'kumanga. Pa lata upisa pati? A Silidontha anakanda pamutu, anatsika, n'kubwera kunyumba kudzatenga msomali waukulu, hamala ndi waya.

"Msomaliwo ndi wa chiyani?" anafunsa mkazi wawo.

"Wa ntchito."

"Bambo, musandiuze kuti mukukaboola malata a anthu."

"Timabowo ting'onoting'ono, topisa waya kuti nsungwi zigwire. Udzu ukakhala pamwamba, madzi afika bwanji pa lata?"

"Inu nomwe mumanena chaka ndi chaka kuti udzu umafuna denga lotsetsereka kwambiri, kuti madzi azithamanga. Madenga a malatawa ndi ogona ngati tebulo. Ndipo udzu wokwanira mudzi wonse muutenga kuti, anthu anasiya kumweta?"

"Ndiyala mopyapyala. N'zongophimba maso a alendo izi."

"Ndiye mopyapyalamo madzi sadutsa?"

"Mayi," anatero a Silidontha atanyamula hamala paphewa, "pa denga ndakhalapo zaka makumi atatu. Inu munakwerapo kangati?"

"Sindinakwerepo. Ine ndimakhala pansi pake."

Sanamve, anali atafika kale panjira. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Masiku asanu ndi limodzi mudzi unkangomveka kho! kho! kho! kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo kulira kulikonse kwa hamala kunkamulasa Mayi Silidontha m'mano. Anapita kwa mayi wosoka kukamuchenjeza. Mayi wosokayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Anzathu inu nyumba yanu ikadali ya udzu, zachinayi mulandira ndithu. Ndiye mukufuna ife atifufute?" Anapita kwa kalipentala Lolemba lija, n'kumupeza akupala chitseko mosathamanga. Kalipentalayo anati a Ndamva amuuza kuti asakhome lata lililonse m'mudzimo mpaka alendo atadutsa, ndipo iye sakufuna kudana ndi mudzi. Pobwerera anapeza alamu akewo ali kuseli kwa nyumba yake, akuphimba malata ake ndi mapesi.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikukuthandizani, mlamu. Akawaona awa mutipalamulira tonse."

Anawalanda mapesiwo n'kuwataya ku khola. Mtima unali ukumuwawa. Ndalama anali atazipeza, malata anali atawagula, ali pomwepo akuwala, koma iye n'kumagonabe pansi pa mabowo asanu chifukwa cha munthu amene anakwera galimoto imodzi ndi dalaivala.

Mayi wa kubungwe anafikadi, Lachinayi m'mawa, pa njinga yake yamoto. A Ndamva anayang'ana mlamu wawo ndi diso loti, ndinanama? Mudzi unali utakonzeka. Njinga zinali zitabisidwa m'munda, makina osokera ataphimbidwa ndi chiguduli, ana atavulidwa nsapato, ndipo akuluakulu atavala nsanza zimene anazifukula sindikudziwa kuti. Bambo wina amene anali atanenepa m'miyezi imeneyi ankayesetsa kubweza mimba m'kati, nkhope ili gwa ngati wamva za maliro.

Mlendoyo anavula chipewa chake n'kuyang'ana mudzi wonse, kumanja, kumanzere. Udzu wokhawokha. Anatulutsa pepala m'chikwama, analiyang'ana, n'kuyang'ananso madenga, ngati munthu amene wasokera njira. Kenako anaona Mayi Silidontha, yekhayo amene anali atavala zoyera, ataima pakhomo pake manja ali m'chiuno.

"Mayi, ndithandizeni. Miyezi itatu yapitayi ndinadutsa pano ndipo ndinaona malata. Apita kuti?"

A Ndamva anatsokomola kawiri.

"Ali pomwepo," anatero Mayi Silidontha. "Lowani m'nyumba iliyonse muyang'ane kumwamba."

Mlendoyo analowa kwa mayi wosoka, gulu likumutsatira chapatali. Anakweza maso. Malata atsopano ali mbee, ndipo m'mizeremizere, paliponse potalikirana dzanja limodzi, timawaya topota tikulendewera. Anatuluka pang'onopang'ono n'kukhala pa chitsa.

"Mwachitiranji zimenezi?"

Panatenga nthawi kuti wina alimbe mtima n'kufotokoza za ndalama zachinayi. Mlendoyo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Abale anga, zachinayi zake ziti? Ndinanena kuti katatu. Palibe zina, palibe wofufutidwa, palibe wolembedwanso. Ine ndabwera kudzaona mmene moyo wanu wasinthira, kuti amene anapereka ndalamazi alimbe mtima athandizenso midzi ina. Ndiye ndikalembe chiyani? Kuti tinawapeza ali m'nyumba za udzu ndipo tawasiya ali m'nyumba za udzu atavala nsanza?"

"Koma ine ndinamva..." anayamba a Ndamva.

"Bambo, chonde."

Gulu linabalalika mwakachetechete, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi. Bambo wa mimba uja anaimasula, inabwerera m'malo mwake. Mlendoyo anajambula mbuzi za Mayi Silidontha ndi malata ake ali pa njerwa, poti china chojambula panalibe, n'kuliza njinga yake kumapita. Anthu anagwirizana kuti udzuwo auchotsa Loweruka.

Mvula sinadikire Loweruka. Inabwera tsiku lomwelo masana, yamphamvu, yoyamba ya chaka, n'kugwa mpaka madzulo. Udzu wopyapyala uja unamwa madzi n'kukhuta, madziwo anagona pa malata ogona aja, ndipo waya aliyense anasanduka kampopi. Kwa Silidontha kunadontha monga mwa masiku onse, m'malo asanu odziwika. Kwa ena onse kunadontha paliponse.

M'mawa mwake anthu anabweranso pakhomo, koma ulendo uno sanaime pamzere. Patsogolo panali mayi wosoka atanyamula nsalu ya kasitomala yothimbirira ndi madzi a udzu. Pambuyo pake panali amuna ndi akazi maso ali psuu, ndipo pakati pawo, mopanda manyazi ngakhale pang'ono, a Ndamva, amene nyumba yawo inali yoyamba kubooledwa.

"Tulukani, a Silidontha! Makina anga alowa madzi!"

"Matiresi anga ndangogula mwezi watha!"

"Malata atsopano mwawasandutsa sefa!"

A Silidontha anatuluka. Mkazi wawo anali asanawaonepo ali chonchi. Anaima pakhonde mapewa atagwa, manja akuluakulu aja akulendewera ngati si awo, akumvetsera zonse osayankha. Munthu amene ankakonda kulankhula atakwera pamwamba, lero anali pansi ndipo mawu analibe. Phokoso litachepa pang'ono, ananena motsitsa.

"Ndalakwa, abale anga. Kuseli kuli malata atsopano. Tengani mugawane, muyambire pamene paonongeka kwambiri."

Mayi Silidontha anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Sanadziwe kuti wadutsa bwanji pakati pa anthuwo. Pamene oyamba ankakhota pangodya ya nyumba, anamupeza atakhala kale pamwamba pa malata ake, miyendo atatambasula, manja atapinda.

"Amene akufuna lata ayambe wanyamula ine."

"Mlamu, musavute," anatero a Ndamva. "Mwini nyumba wanena."

"Mwini nyumba apereke nyumba. Malatawa ndi anga. Pa foni analemba dzina la yani? Kusitolo anapita ndani? Inu alamu khalani chete kumene, chifukwa bodza ili munabwera nalo ndinu, thukuta lili kamukamu. Inu mayi wosoka, sindinabwere kwanu kudzakuuzani kuti musalole? Munandiyankha chiyani? Nonsenu munabwera nokha pakhomo pano, munaima pamzere, munagwirira makwerero, ena munkapatsira ndi waya. Lero wolakwa ndi lata langa?"

"Nanga ife tigone m'madzi?" anafunsa wina kumbuyo.

"Mwanyowa tsiku limodzi mwabwera mudzi wonse. Ine ndanyowa zaka makumi awiri ndi zitatu, amuna anga ali pa madenga anu, inu mukugona pouma. Ndani anabwerapo pano ndi mtolo umodzi wa udzu kuti, mayi, tsekani pamwamba pa bedi? Munkangondiitana dzina lija n'kumaseka. Ayi. Amene anaboola ndi awo aima apowo. Atengeni iwowo. Agwetse udzu wawo, amate mabowo awo ndi phula, limodzilimodzi, ngakhale zitenge dzinja lonse. Koma apa palibe achotsepo kanthu."

Kukoka mayi wamkulu pamwamba pa malata masanasana si ntchito imene munthu amaifuna, ndipo zimene ananenazo zinali zoona. Anayamba kubwerera mmodzimmodzi akung'ung'udza. A Silidontha anali ataima pangodya ya nyumba. Anamuyang'ana mkazi wawo kamodzi kokha, osati mokwiya, koma ngati munthu amene amuvula malaya pamsika. Kenako ananyamula makwerero n'kutsatira gululo.

Mayiyu anakhalabe pa malatapo mpaka onse atapita. Anali atapambana, koma sanasangalale. Zinamukwiyitsa kwambiri kuti ngakhale kupambana kwake kunali kodontha.

Kalipentala anabwera mawa lake lomwe, poti tsopano panalibenso mudzi woti adane nawo. Anagwetsa denga lakale lonse n'kuunjika udzu wake pakati pa bwalo, mulu wakuda wonunkha utsi ndi nkhungu. Anasintha mitengo iwiri imene chiswe chinadya, n'kukhoma malata m'masiku awiri. Masiku onsewo a Silidontha ankachoka m'mamawa ndi kachitini ka phula n'kubwera dzuwa litalowa, manja ali bii, osayang'ana kumwamba. Ankadya chakudya chawo mwakachetechete n'kuthokoza ngati mlendo.

Tsiku lachitatu masana mvula inabweranso. Mayi Silidontha anali m'nyumba. Madontho oyamba atamenya malata anadzidzimuka, n'kuimirira mwachizolowezi, koma panalibe choti asunthe. Anayenda m'chipinda, anabwerera pabalaza, anagwira khoma, anagwira bulangete. Pouma ponseponse. Phokoso linali lalikulu monga ananenera amuna ake, ndipo iye analikonda. Anakhala pabedi, pakatikati penipeni, n'kuseka yekha mpaka misozi.

Atasuzumira pazenera ndi pamene anawaona amuna ake. Mvula inali itawathamangitsa pa denga la eni ake, ndipo anali atafika pabwalo, koma sanalowe. Anali atawerama pa mulu wa udzu wakale uja, mvula ikuwamenya kumsana, akufukula ndi manja, kusankha udzu umene unali usanawole, kuugwedeza, kuulinganiza kumatako n'kuumanga timitolo.

Anatsegula chitseko. "Bambo! Lowani, mvula iyi!"

Sanatembenuke.

"Bambo! Mukudwalatu inu!"

"Wina ndi wabwinobwino uwu," anayankha osakweza mutu. "Wa chaka chimene tinkamanga nyumbayi. Ndinamweta ndekha kudambo. Ukagona pamadzi uwola."

"Uwole! Mukufolera nawo chiyani? Ndani akufunanso udzu m'mudzi muno?"

Bambowo anamanga kamtolo kena, n'kukaika pambali pa tinzake, pamatope pomwepo, poti poika pena panalibe. Malaya anali atawamatirira pathupi, ndipo mkazi wawo anaona kwa nthawi yoyamba kuti nthiti zawo zikuwerengeka ndi kuti tsitsi la kunkhongo layera lonse. Anazindikira kuti munthuyu salowa. Adzaima pamenepo mpaka mvula ithe kapena mpaka agwe, koma pansi pa malata amene mkazi wake anawakhalira pamaso pa mudzi wonse, yekha salowa.

Anayang'ana m'mbuyo, pabalaza pake pouma, posesa bwino. Anayang'ana panja. Anatukwana mawu amene sitingawalembe pano, anamanga nsalu yake molimba, n'kutuluka.

Madzi anamulowa mpaka m'mafupa asanafike n'komwe pa muluwo. Anatola timitolo tiwiri, kamodzi m'khwapa ili, kena m'khwapa ilo.

"Mukupita nawo kuti?" anafunsa a Silidontha.

"M'nyumba. Si mwati uwola? Tolani inayo, musangondiyang'ana ngati mwaona mzukwa."

Anayenda osacheuka. Atafika pakhomo anamva mapazi akuphwanya matope kumbuyo kwake. Analowa n'kuimika timitolo take pangodya, ndipo amuna ake analowa ndi tawo, tinayi, atawakumbatira pachifuwa. Anaima pakati pa balaza madzi akuchucha m'zigongono, akuyang'ana pansi. Madzi akuda ochokera mu udzuwo anayamba kuyenderera pansi pamene mayiyu anasesa m'mawa, kulowera kuchipinda, kumiyendo ya bedi.

"Watsala wambiri panjapo?" anafunsa mayiyu mofuula, kuti amveke pa phokoso la malata.

"Maulendo atatu. Mwina anayi."

Mayi Silidontha anapukuta madzi kumaso ndi dzanja lonyowa, anapumira m'mwamba, n'kutsogola kutuluka.